Kuonjezera mphamvu za injini ya njinga yamoto ndi ndalama zochepa: njira iti ikupindulitsani?

Injini ya njinga yamoto imakoka mpweya, kuusakaniza ndi petulo, kuufinya, kuuyatsa, kenako n'kutulutsa utsi. Mphamvu zake zimachokera pa kuchuluka kwa mpweya umene yawotcha pa mphindi iliyonse. Ndiye njira zenizeni zoonjezera mphamvu ndi zitatu basi: ikoke mpweya wambiri, iuwotche bwino, kapena izizungulira mwachangu. Chipangizo chimene sichichita chimodzi mwa zimenezi, ngakhale chinyezimire bwanji m'bokosi, chingokudyerani ndalama.

Tikunena makamaka za injini za silinda imodzi, za sitoroko zinayi, zozizira ndi mphepo, za 125cc mpaka 150cc, zogwiritsa ntchito kabuleta. Zitsanzo zambiri zichokera pa injini ya mtundu wa Honda CG125, chifukwa makampani ambiri anaitengera kapangidwe ndipo miyeso yake ndi yodziwika bwino.

Musanagule kanthu, dziwani chimene chikukusowani. Kukoka ndi liwiro ndi zinthu ziwiri. Wina njinga ikumufookera pamtunda akanyamula munthu kumbuyo, wina akufuna izithamanga kwambiri pamsewu wosalala. Njira zina zimakupatsani chimodzi pokulandani chinacho, ndipo anthu ambiri amakhumudwa chifukwa anagula mankhwala a matenda amene njinga yawo ilibe.

Kubweza mphamvu zimene zinatayika

Njira yotchipa kuposa zonse ndi imeneyi, ndipo pa njinga yoyenda zaka zingapo ndiyo kawirikawiri imasintha zinthu kwambiri. Mphamvu zimachoka pang'onopang'ono, mwini wake osazindikira, mpaka kuyamba kuganiza kuti injiniyo ndi yaing'ono.

Yambani ndi kompuleshoni, ndiko kuti mphamvu imene pisitoni ikufinyira mpweya m'silinda. Tenthetsani injini, chotsani pulagi, lowetsani geji, tsegulani moto wonse, n'kukhwapula kapena kuliza sitata mpaka singano ya geji itasiya kukwera. Yerekezani ndi nambala ya m'buku la njingayo. Ikatsika kufika cha m'ma 100 psi, injiniyo yatopa. Thirani kasupuni kamodzi ka oyilo pabowo la pulagi n'kuyezanso. Nambala ikakwera, maringi kapena silinda zadyeka, chifukwa oyiloyo watseka mpata kwakanthawi. Ikapanda kusintha, mpweya ukuthawira ku mavavu kapena pa gasiketi ya hedi, chivundikiro cha pamwamba pa silinda. Kuyeza kumeneku kumakuuzani kumene ndalama yanu iyenera kupita, ndipo kuika zida zatsopano pa injini imene ikutaya mpweya n'kuthira madzi m'dengu.

Kenako mpata wa mavavu. Pa CG125 ndi mamilimita 0.08 mbali zonse ziwiri, injini itazizira, pisitoni ili pamwamba pa sitoroko yofinya. Feeler gauge, kachitsulo kopyapyala koyezera mpata, ilowe mogwiragwira pang'ono, osati mothina kapena mokhwepa. Vavu yothina siitsekeka bwino injini ikatentha: kompuleshoni imathawa, njinga imavuta kulira, ndipo vavu ya ku ekizozi imapsa m'mphepete chifukwa kutentha kwake kwambiri imakutaya ikakhala pampando wake. Vavu yokhwepa imachita phokoso ndipo siitseguka mokwanira.

Zotsalazo n'zachidule. Sefa ya mpweya yodzadza fumbi, pulagi yodyeka, kabuleta ya zinyalala, tcheni chouma, matayala osapopedwa mokwanira, mabuleki okhudza. Imikani njinga pa sitandi yapakati muzungulitse tayala lililonse ndi dzanja. Likaima msanga, pali chimene chikudya mphamvu. Onaninso kilatchi: mu giya yomaliza mukatsegula moto, injini n'kufuula koma liwiro osakwera, kilatchi ikuterereka. Nthawi zina wolakwa ndi oyilo wa galimoto wokhala ndi mankhwala oterereretsa. Kilatchi yosambira mu oyilo imafuna wolembedwa JASO MA kapena MA2.

Masipuloketi

Kusintha sipuloketi sikuonjezera mphamvu za injini ngakhale pang'ono. Kumangosintha mmene mphamvuzo zikufikira kutayala. Koma poyerekeza ndi mtengo wake, palibe chimene chimamveka msanga m'manja ngati chimenechi.

Gawani mano a kumbuyo ndi a kutsogolo. Sipuloketi ya mano 42 kumbuyo ndi ya 15 kutsogolo zimapereka 2.80. Mukaika ya 14 kutsogolo mupeza 3.00, kutanthauza kuti tayala likukoka ndi mphamvu yoonjezera pafupifupi 7 peresenti mu giya iliyonse. Malipiro ake ndi akuti pamene injini inkakufikitsani pa makilomita 90 pa ola, pa kazunguliridwe komweko ikufikitsani pa 84. Dzino limodzi la kutsogolo limafanana ndi pafupifupi mano atatu a kumbuyo, choncho wofuna kusintha pang'ono aonjezere mano awiri kumbuyo.

Kwa wonyamula katundu ndi woyenda m'mitunda, iyi ndiyo njira yoyamba. Wofuna liwiro asamale. Ambiri amaika sipuloketi yaikulu kutsogolo poganiza kuti njinga ithamanga kwambiri, koma injini yaing'ono imalephera kudzadza giya yomaliza polimbana ndi mphepo, mwakuti liwiro lapamwamba limatsika m'malo mokwera. Kutsogolo musatsike pansi pa mano 13, chifukwa tcheni chimapindika kwambiri n'kudyeka msanga. Ngati tcheni chakale chatamuka, sinthani zonse zitatu pamodzi, ndipo chisiyireni mpata wosewera umene buku lanena, womwe pa njinga zambiri zazing'ono ndi mamilimita 20 mpaka 30.

Sefa yotseguka ndi ekizozi ya phokoso

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Phokoso limanyenga: njinga ikamabangula, thupi limakhulupirira kuti ikuthamanga. Koma pa injini ya 125cc yosasinthidwa mkati, bokosi la mpweya ndi ekizozi ya kufakitale nthawi zambiri si zimene zikuitsamwitsa. Phindu limakhala laling'ono, ndipo limaoneka pokhapokha injini ikuzungulira pamwamba.

Paipi ya ekizozi yotakata kwambiri imachepetsa liwiro la utsi. Utsi wothamanga umathandiza kukoka mpweya watsopano pa kanthawi kamene mavavu onse awiri ali otsegula, ndiye ukachedwa, njinga imafooka poyambira ndi pakatikati, kumene mumayendera tsiku lonse. Sefa yotseguka yomangirira pakamwa pa kabuleta imalowetsa fumbi ndi madzi a mvula, ndipo fumbi likasakanikirana ndi oyilo limapala maringi ndi silinda ngati sandipepa. Pa kabuleta ya mtundu wa CV, ija ya kachikopa ka labala pamwamba, sefa yotere imasokoneza kakwezedwe ka silaidi ndipo kuitchuna kumakhala kovuta zedi. Woyenda m'misewu ya fumbi asiye bokosi la mpweya mmene lilili, angosamala sefa yake.

Kutchuna kabuleta

Mfundo iyi ndi imene imasunga kapena kupha injini. Mukaonjezera mpweya, muyenera kuonjezeranso petulo. Petulo amapsa yense akasakanizidwa ndi mpweya wolemera kuwirikiza ka 14.7, koma injini imapereka mphamvu zonse mpweya ukakhala pakati pa 12.5 ndi 13, ndiye kuti petulo wochulukirapo pang'ono. Petulo woonjezerayo amaziziritsanso pisitoni. Akachepa, kutentha kumakwera, ndipo pa injini yozizira ndi mphepo mapeto ake ndi vavu yopsa, pisitoni yogwira m'silinda, kapena yobooka pamwamba.

Kabuleta ili ndi magawo atatu ogwira ntchito mosinthana. Jeti yaing'ono (jeti ndi kachitsulo ka bowo lodutsira petulo) ndi sikuluu yake zimalamulira kuyambira injini ikulira payokha mpaka kota ya moto. Singano imalamulira kuyambira kota mpaka makota atatu. Jeti yaikulu imatenga udindo kuchokera pamenepo mpaka moto wonse. Vuto likamaoneka, funsani kuti dzanja linali pati, osati liwiro linali lotani.

Yambani ndi jeti yaikulu, ndipo yambirani kokulirapo n'kumatsika saizi imodziimodzi. Petulo wochuluka amangodetsa pulagi, wochepa amawononga zitsulo. Majeti a makabuleta a kampani ya Keihin amakwera motere: 95, 98, 100, 102, 105. Manambala a kampani ya Mikuni ndi osiyana, musawasakanize. Injini itatentha, pamsewu wopanda anthu wokwera pang'ono, tsegulani moto wonse mu giya yapamwamba, kenako bwezani dzanja pang'ono chabe. Njinga ikakoka bwino mutabweza, jeti ndi yaing'ono. Ikamachita chibwibwi pa moto wonse, ndi yaikulu. Kuti mutsimikize, ikani pulagi yatsopano, yendani pa moto wonse kwa theka la mphindi, gwirani kilatchi n'kuzimitsa injini nthawi yomweyo osaisiya kulira payokha, muchotse pulagi. Yang'anani mkati mwenimweni, patsinde pa kachoyera kozungulira nsonga yapakati ya pulagi. Kofiirira pang'ono ndiye zili bwino. Koyera mbuu, kapena ka timadontho ta chitsulo, ndi chenjezo lalikulu. Kakuda bii ndi mwaye, petulo wachuluka.

Pa singano, kutsitsa kakilipu kumakweza singanoyo n'kuonjezera petulo. Pa sikuluu, onani pamene ili. Ya mbali ya injini imayeza petulo, ndipo kuimasula kumamuonjezera. Ya mbali ya sefa imayeza mpweya, kuimasula kumachepetsa petulo. Ngati injini ikulira bwino pokhapokha sikuluu itazungulitsidwa momasula kupitirira katatu, jeti yaing'onoyo ndiyo yofunika kusintha. Kumbukiraninso kuti kumalo okwera mpweya ndi wopepuka: pa mamita 1,000 aliwonse injini imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake, ndipo imafuna jeti yocheperako. Jeti imene inamuyendera mnzanu wa kumalo otsika si yanu.

Nanga kabuleta yaikulu? Injini za mtundu wa CG za 125cc zimabwera ndi kabuleta ya PZ26, za 150cc ndi PZ27, pamene PZ30 ndi ya zokulirapo. Kuika PZ30 pa 125cc kumachepetsa liwiro la mpweya pakhosi pa kabuleta, petulo sakokedwa bwino, ndipo njinga imatsamwa mukatsegula moto mwadzidzidzi. Kabuleta ikule injini ikakula.

Njinga za injekishoni zilibe majeti. Kompyuta yake imatha kukonza pang'ono kudzera pa sensa ya ku ekizozi mukamayenda mwapakatikati, koma pa moto wonse imatsatira zimene inalembedwa kufakitale. Kusintha kwakukulu kumafuna kulembanso kompyutayo kapena kuika kabokosi koonjezera, ndipo apa nkhani ya ndalama zochepa imayamba kuthera panjira.

Silinda ndi pisitoni zazikulu

Ngati mukufuna mphamvu zenizeni, zomveka kuyambira poyambira mpaka pamwamba, njira yake ndi iyi. CG125 ili ndi silinda yotakata mamilimita 56.5 ndipo pisitoni imayenda mamilimita 49.5, zomwe zimapereka 124cc. Silinda ya mamilimita 62 pa kulanki yomweyo imapereka 149cc, kuonjezera gawo limodzi mwa magawo asanu. Pa injini za sikuta za GY6, kuchoka pa mamilimita 52.4 kufika pa 57.4 kumasintha 125cc kukhala 150cc. Nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi pamene silinda yakale yadyeka kale, chifukwa ndalama ya ntchito ndi ya magasiketi mukanailipira ndithu.

Musanagule, yezani zinthu zitatu: kukula kwa pini ya pisitoni, kutalikirana kwa mabauti aatali ogwira silinda, ndi kukula kwa kumunsi kwa silinda kumene kumalowa m'kesi ya injini. Injini zofanana maonekedwe zimasiyana pamenepa. Kumunsiko kukakhala kwakukulu kuposa pakamwa pa kesi, injini yonse iyenera kuphwasulidwa kuti kesi ikakulidwe pa makina, ndipo mtengo umakwera kwambiri.

Chimene ambiri amaiwala ndi kufinyika. Tiyerekeze kuti injini ya 124cc imafinya ka 9. Ndiye kuti malo otsala pamwamba pa pisitoni ndi 15.5cc. Mukaika 149cc pansi pa hedi yomweyo, malo otsalawo osasintha, kufinyika kumafika pa 10.6. Zimenezi zimaonjezera mphamvu, koma zimaonjezeranso kutentha, ndipo petulo wa okiteni yotsika (okiteni ndi muyeso wa mmene petulo amapirira kufinyidwa) amayamba kuphulika yekha moto wa pulagi usanamufike. Mumamva ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini mukamakoka pamtunda. Phokoso limenelo likuswa pisitoni. Mankhwala ake ndi petulo wa okiteni yokwera, gasiketi yokhuthalako pansi pa silinda, kapena hedi yopangidwira saizi yatsopanoyo.

Pomanga, ringi iliyonse iyambe yalowetsedwa yokha m'silinda, muikankhe ndi pisitoni kuti ikhale chilili, n'kuyeza mpata wa pakamwa pake. Lamulo lofala ndi mamilimita 0.1 pa mamilimita 25 aliwonse a kutakata kwa silinda, ndiye pa 62 ndi cha m'ma 0.25. Mpata ukachepa, ringi ikatentha imafutukuka, nsonga zake n'kugundana, n'kukanda silinda kapena kuthyoka. Ipaleni pang'onopang'ono ndi fayilo yosalala. Zilembo za pa maringi ziyang'ane kumwamba, ndipo mipata yake isakhale mzere umodzi; italikirane madigiri 120. Pisitoni yolembedwa IN, mbali imeneyo iyang'ane ku kabuleta. Tikilipu togwira pini tikhale tatsopano, ndipo tsekani pakamwa pa kesi ndi kansalu poika, chifukwa kakagwera mkati ndi ntchito ya tsiku lonse. Matani dongo loumbira la ana pamwamba pa pisitoni, mangani hedi, zungulitsani injini kawiri ndi dzanja, mumasule n'kuyeza makulidwe a dongolo pamene mavavu adinda. Mpata wochepera milimita imodzi ndi theka ndi woopsa, makamaka ku vavu ya ekizozi. Mabauti a hedi amangidwe mopingasa, pang'onopang'ono, ndi sipanala ya torque, yoyeza mphamvu yomangira, pa nambala ya m'buku.

Mukamaliza, tchunaninso kabuleta. Kilatchi yotopa iyamba kuterereka, ndiye konzekerani mapuleti atsopano kapena masipuling'i olimbako. Makilomita mazana angapo oyamba muzisinthasintha liwiro, osakhalitsa pa moto wonse, komanso osaisiya ikulira payokha nthawi yaitali, pakuti maringi amafuna kukanikizidwa kuti akhazikike. Oyilo woyamba achoke msanga, chifukwa amakhala ndi tizidutswa ta chitsulo. Dziwaninso kuti pisitoni yaikulu ndi yolemera: njinga imanjenjemera kwambiri ndipo mabering'i a kulanki amasenza katundu woposa kale. Ngati konirodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kulanki, ili ndi mpata woti n'kuigwedeza mmwamba ndi pansi, ikonzedwe kaye.

Kamu, hedi ndi CDI

Kamu ndi chitsulo cha zotupa chokankha mavavu kuti atseguke, ndipo yothamangira imawatsegula kwambiri ndi kwa nthawi yaitali. Imasamutsira mphamvu kumwamba, n'kuchepetsa za pansi, ndipo injini imalira mosakhazikika ikaima. Ndi yabwino kwa wothamanga pabwalo la mpikisano, si ya wonyamula katundu. Imagwira bwino pa injini za kamu ya pamwamba yoyendetsedwa ndi tcheni. Pa CG, chotupa chimodzi cha kamu chimayendetsa mavavu onse awiri kudzera pa timitengo tachitsulo tokankha, kotero mwayi wosintha ndi wochepa, ndipo injiniyo sinapangidwire kuzungulira pamwamba kwambiri. Kamu yokweza kwambiri imafunanso masipuling'i a mavavu olimba, apo ayi vavu imachedwa kutseka n'kukumana ndi pisitoni.

Kukonza hedi n'kotchipa ngati muli ndi dzanja lodekha, koma chitsulo chochotsedwa sichibwerera. Chotsani zotupa zotsala poumba, lumikizani bwino pakamwa pa hedi ndi paipi ya kabuleta kuti pasakhale chopunthwitsa mpweya, n'kupera mavavu kuti akhale bwino pamipando yake. Musakulitse njirazo, ndipo yolowera mpweya musaipukute mpaka kunyezimira, chifukwa khoma lokhakhala pang'ono limathandiza petulo kusakanizika. Kupala hedi kuti kufinyika kukwere kumathandiza, koma musakuphatikize ndi silinda yaikulu musanawerengere, ndipo pa injini ya kamu ya pamwamba kumachedwetsa pang'ono nthawi ya kamu.

CDI ndi kabokosi kolamulira moto wa pulagi, ndipo yolembedwa Racing nthawi zambiri imangochotsa malire a kazunguliridwe ka injini. Injini imene mphamvu zake zayamba kale kutsika isanafike pa malirewo sipindula kanthu, imangoyandikira ngozi. Zina zimafulumizitsa moto wa pulagi, zomwe pa injini yofinya kwambiri zimabweretsa kugogoda kuja. Pali ma CDI a magetsi a AC ndi a DC, ndipo yolakwika siliza njinga kapena imapsa. Pulagi ya iridium imakhalitsa ndipo imathandiza injini kulira bwino, koma sionjezera mphamvu pa injini yabwinobwino. Maginito omangirira pa paipi ya petulo ndi zina zotere, zisiyeni.

Tsono musankhe iti?

Njinga yakale yofooka: kompuleshoni, mavavu, sefa ndi kabuleta, musanaganize china. Njinga yabwino imene ikungolephera mitunda ndi katundu: sipuloketi. Ikakhala kuti yakwanira zonsezi koma mukufunabe zambiri: silinda yaikulu ndi majeti oyenera, ekizozi ndi bokosi la mpweya zikhale za kufakitale. Kamu ndi ekizozi yabwino zibwere pambuyo pake, kwa amene akufuna mphamvu za pamwamba ndipo wavomera kutaya zina za pansi.

Pali njira inanso imene muyenera kuiwerengera moona mtima. Phatikizani mtengo wa silinda, kabuleta, kilatchi, ekizozi, kamu ndi ntchito ya makaniko, muyerekeze ndi ndalama imene mungaonjezere mutagulitsa njingayo n'kugula yokulirapo. Njinga yobadwa ndi 200cc imabwera ndi mabuleki, felemu, kilatchi ndi magiya zopangidwira mphamvu zimenezo. Yosinthidwa imakhala ndi mabuleki a 125cc omwe aja, ndipo ngati ndi a dilamu kutsogolo, ganizirani bwino. Mabuleki ndi matayala abwino zikhale m'bajeti kuyambira pachiyambi. M'mayiko ambiri kukula kwa injini kumalembedwa pa mapepala a njinga, kumakhudza inshuwalansi ndi mtundu wa laisensi. Ku Ulaya, mwachitsanzo, laisensi ya A1 imathera pa 125cc ndi makilowati 11. Fufuzani malamulo a kwanu musanatsegule injini, ndipo ya njinga yatsopano dziwani kuti galanti, lonjezo la wogulitsa lokonza ikaonongeka, imatha.

Chilichonse chimene mwasankha, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo muziyeza. Sankhani mtunda umodzi wopanda magalimoto ambiri, giya imodzi, woyendetsa yemweyo, matayala opopedwa mofanana. Lowani pachizindikiro choyamba pa makilomita 40 pa ola, tsegulani moto wonse, mnzanu awerenge masekondi mpaka pachizindikiro chachiwiri. Chitani katatu, lembani m'kabuku pamodzi ndi saizi ya jeti, malo a kakilipu ka singano ndi mtundu wa pulagi. Masekondi akapanda kutsika, bwezerani chipangizo chakale musanapite pa china.